Chitsime cha Kumunsi kwa Dampu

1987, Gweru

Ana anga, mumakonda kundiseka kuti bambo anu anakalambira pa makina obowola zitsime koma kunyumba kwawo ku Amaveni, mu Kwekwe muno, amadikirira madzi a khonsolo ngati wina aliyense. Sekani, sindikukana. Koma poti tsopano ndinapuma ntchito ndipo mawondo akukana kundiperekeza kumsika, ndati ndikhale pansi ndikulembereni za ntchito imeneyi, makamaka za chitsime chimodzi chimene chinatsala pang'ono kundidanitsa ndi anthu a kwathu onse.

Ndinalembedwa pa kampani ina yobowola pansi ku Gweru ndili mnyamata wa minofu yambiri ndi nzeru zochepa. Ntchito yanga inali kunyamula mapaipi achitsulo, kuwapaka girisi, ndi kuthawa akamagwa. Kapitawo wathu anali madala Kamanga, amene anabwera kuno kuchokera ku Malawi akadali mnyamata. Akakondwa ankayankhula Chichewa chosalala ngati m'busa pa guwa, akapsa mtima ankatembenukira ku Chilapalapa, chiyankhulo chija cha m'migodi ndi m'mafamu. Poti ankapsa mtima kawirikawiri, Chilapalapa ndinachidziwa msanga kuposa makinawo. Masiku amenewo tinkabowola zitsime zomwa m'mafamu ozungulira Gweru ndi Kwekwe, ndipo musanamizidwe, wobowola chitsime amakondedwa. Madzi akangotumphuka, amayi a pa famu, ambiri a iwo a kwathu komwe, ankaliza nthungululu, ana n'kumagubuduka m'matope, ife n'kubwerera ndi nkhuku yomangidwa miyendo kuseri kwa mpando. Ndinazolowera kutamandidwa. Madala Kamanga atapuma anandisiyira makinawo ndi mawu ochepa: "Wena sebenza mushe, uzigwira ntchito bwino, Layisoni. Dzenje limene wakumba iwe, ndi lako mpaka kufa." Ine ndinangoti ndi zonena za anthu okalamba.

2001, Kwekwe

Ntchito za m'mafamu zitayamba kutha, kampani inapeza ntchito ya mtundu wina. Migodi ndi mafakitale ankafunika kudziwa ngati zoipa zochokera m'madampu awo zikulowa m'madzi a pansi. Dampu ndi chimulu chija cha matope otsala akachotsa golide m'miyala, chimene mumachiona chotuwa ngati phulusa mukamatuluka mu Kwekwe. Anatitumiza ku mgodi wina wa golide kunja kwa tawuni, dzina lake sinditchula, ndipo anatipatsa bwana watsopano, Mayi Dube a ku Bulawayo, ophunzira za madzi a pansi. Anali munthu wamfupi, wovala magambutsu aakulu kuposa miyendo yawo, wosakweza mawu. Tsiku loyamba anandiitanira pambali.

"Baba Mbewe, ndamva kuti inu mukabowola, anthu amavina. Kuno sadzavina. Zitsime izi ndi zoyang'anira, si zomwera."

Ndinaona ngati akundichotsa ulemu, koma ntchitoyo nditailowa ndinaikonda kuposa yakale. Chitsime choyang'anira ndi chopapatiza, mkono wa munthu wamkulu sulowa bwino. Ukabowola n'kufika pamadzi, umatsitsa paipi ya pulasitiki yokhala ndi timipata kumunsi kwake, n'kuthira mchenga wosefa mozungulira timipatato. Pamwamba pa mchengawo umaika dongo lina logula lotchedwa bentonaiti, limene limatupa likanyowa n'kutseka njira, kenako simenti mpaka pamwamba, kuti madzi a mvula asatsetserekere m'mbali n'kukanamiza amene akuyeza. Pomaliza umaveka chitsimecho chivindikiro chachitsulo ndi loko. Mayi Dube ankatitsukitsa mapaipi onse tisanachoke pa dzenje lina kupita pa lina, ngati tikutsuka mbale za alendo. Anyamata ankang'ung'udza, koma anali ndi chifukwa: paipi yakuda imatenga zoipa za kumunsi n'kukazisiya kumtunda.

Zitsimezo tinkazitchula ndi manambala. Nambala Wani tinaibowola pa kaphiri, kumtunda kwa dampu, kumene madzi a pansi amachokera, kuti tizidziwa mmene madzi abwino a kumeneko amakhalira. Zinazo zinatsatana kumunsi, ndipo yotsiriza, Nambala Folo, inali pafupi ndi komboni ya antchito a mgodiwo. Madzi a Nambala Folo anatuluka oyera mbee, ozizira, okoma kuwayang'ana. Koma mabotolo atapita ku labotale, Mayi Dube anabwera nkhope ili gwa. Munali aseniki, poizoni wochokera m'miyala ya golide yomweyo. Alibe fungo, alibe mtundu, sawawa pakamwa, ndipo sapha lero. Amadya munthu pang'onopang'ono. Chivindikiro cha chitsime chimenecho tinachipaka utoto wofiira.

Pa komboniyo pankakhala azakhali anu a Esinati, achemwali anga aakulu, chifukwa malemu amuna awo ankagwira pa mgodi womwewo. Mukuwadziwa azakhali anu, pakamwa pawo sipagona. Ankatibweretsera mbatata masana n'kuima patali manja m'chiuno. "Achimwene, chitsime chanji cha loko ngati sitolo ya mmwenye? Mukusungamo golide?" Ndinkawauza kuti madzi ake ndi oipa, iwo n'kuseka n'kumapita. Nthawi imeneyo mgodi unkapopera madzi pa mpopi wa pakati pa komboni, ndiye zonena zangazo zinkalowa khutu ili n'kutulukira linali.

2004 mpaka 2007

Zaka zimenezi munali aakulu kale, mukuzikumbukira nokha. Ife kuntchito choyamba kusowa chinali dizilo. Tinkatha masiku tili pa mzere ndi migolo, makina ali duu kuthengo. Kenako bentonaiti analeka kubwera, kenako mapaipi, kenako simenti inazimiririka m'masitolo ngati sinakhalepo. Ananditumiza ku Zvishavane kukabowola mozungulira dampu ina, ndinachita lendi kachipinda ku Mandava kwa banja lina la ku Dedza, ndipo ntchito ya mwezi umodzi inatitengera chilimwe chonse. Ndinakakhalanso ku Senga tikuyang'anira zitsime za fakitale ina ya ku Gweru, kumene galimoto inatifera ndipo mabotolo a madzi tinkawanyamula pa njinga. Malipiro ankafika atatha kale mphamvu, ukawalandira m'mawa umayenera kuthamanga nawo lisanafike dzuwa pamutu. Anzanga anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena ku Joni, ena kukalowa chikorokoza, kukumba golide pawokha m'maenje akale.

Mgodi wa ku Kwekwe uja unatseka. Mabwana anapita, antchito anatsala pa komboni chifukwa ambiri analibe kumudzi kopita, makolo awo anachokera ku Malawi kalekale. Mayi Dube anapirira kuposa ambiri, koma nawonso anapeza ntchito ku Botswana. Tsiku lotsanzikana anandipatsa mpukutu wa makiyi a zitsime zonse za pa mgodiwo. "Baba Mbewe, ofesi ilibe munthu. Khalani nawo inu." Makina anawakankhira m'shedi, matayala anaphwa okha, ine ndinabwerera ku Amaveni n'kuyamba kuwotcherera ndowa ndi mawilibala a anthu. Makiyi aja ndinawakoleka pa msomali kuseri kwa chitseko.

2008, mvula itayandikira

Chaka chimenecho kolera inalowa m'matawuni, mipopi ili gwa. Anthu ankatunga paliponse, m'zithaphwi, m'maenje a makorokoza, ndipo azaumoyo ankayenda akulengeza kuti madzi aliwonse muziphitsa musanamwe. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapalasa njinga kupita ku komboni kukaona azakhali anu, nditamangirira kaufa pang'ono kumbuyo. Ndinafika thukuta lili kamukamu. Iwo anandikhazika pa khonde n'kutuma mdzukulu wawo Tadala, kamtsikana kamene kanali kasanayambe sukulu, kuti kandibweretsere madzi. Kanagwada bwinobwino n'kundipatsa kapu. Madziwo anali oyera mbee. Ndinadabwa, chifukwa ku Amaveni tinali titaiwala kuti madzi amaoneka choncho.

"Achemwali, mpopi wayambanso?"

"Mpopi uti? Unafa kalekale umenewo. Awa ndi a chibhorani chako, chitsime unabowola chija, achimwene. Mwa usaope, ndaphitsa ndekha."

Kapu ija ndinaiika pansi pang'onopang'ono.  Ndinanyamuka osatsanzika n'kutsetsereka kuseri kwa nyumba, ndipo ndili patali ndinaona mzere wa zidebe ndi amayi atakhala pa miyala akucheza. Chivindikiro chofiira chija chinali pambali, loko atamuphwanya ndi hamala. Pakamwa pa chitsime panaima a Chisale, amene kale anali fitala wokonza makina pa mgodi, bambo wa ana ambiri ndiponso munthu wa manja aluso. Anali atapanga chotungira ndi kapaipi kotalika ngati mkono, pansi pake ataikapo kamphira ka chubu cha njinga kuti madzi akalowa asatuluke, n'kumakatsitsa ndi waya. Atandiona anasekerera mpaka mano onse panja.

"Mwini wake wafika! Mbewe, Mulungu akudalitse. Mvura iyi, madzi awa, atipulumutsa, mukoma, m'bale wanga. Chiyambire kumwa pano palibe mwana watsegula m'mimba."

Amayi ena anayamba kuwomba m'manja. Zaka zonse zija ndinkasowa nthungululu, ndipo zinandipeza tsiku limene ndinkafuna kulira. Ndinawauza kuti madziwo ali ndi poizoni, asiye pomwepo. Mayi wina anaseka. "Inga tinofashaidza wani. Timaphitsa, baba, mpaka agaduke." Apa ndi pamene panali povuta. Anthuwo sanali osasamala. Ankachita ndendende zimene anauzidwa, ankatha nkhuni zawo zosowazo kuphitsa madzi. Koma moto umapha tizilombo ta kolera, aseniki sumukhudza. Madzi akamaphwera mu mphika, poizoniyo amatsalira momwemo, ndiye wophitsa kwambiri ndi amene ankamwa wambiri. Ndinayesa kufotokoza m'Chichewa, ndinayesa m'Chishona, ndinafika mpaka pa Chilapalapa cha madala Kamanga: "Ikona puza lo manzi! Musamwe madzi awa!" A Chisale nkhope inasintha.

"Sabata yatha taika munthu wa kolera kuseri uku. Iwe ukundiuza za matenda amene sindinawaonepo. Ana anga amwe chiyani, dothi? Ukhala ku Amaveni iwe, ife tikhala pano."

Funso lawo linali loona. Komanso anthuwo ankakhulupirira chitsimecho chifukwa cha ine. Chinabowoledwa ndi mwana wa pakhomo, mlongo wake wa Esinati, wopemphera nawo mpingo umodzi. Akanakhala kuti anabowola ndi mlendo, mwina utoto wofiira uja akanauopa.

M'mawa mwake ndinapita pa kashopu ka telefoni m'tawuni n'kuimbira Mayi Dube ku Botswana. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Tsekani, Baba Mbewe. Osati loko, loko adzaphwanyanso. Chikwirireni chife." Ndinafunsa ngati ana amene amwa kale apulumuke. Anati ngati ndi masabata chabe, chiyembekezo chilipo chachikulu, koma aleke lero. Anati poizoniyu akakhazikika m'thupi amadzaonekera patapita zaka, ndipo nthawi zambiri amayambira m'zikhatho ndi kumapazi, khungu limachita timadontho tolimba ngati njerewere. Ndiye ndinanena zimene ndinagona nazo m'mutu. Nambala Wani, ya pa kaphiri ija, madzi ake sanapezekepo ndi vuto chiyambire. Koma lamulo loyamba la ntchito yathu linali lakuti chitsime choyang'anira sichitsegulidwira anthu, chifukwa akayamba kutungamo ndiye kuti chawonongeka, sichingayezerenso kanthu, ndipo wina akadwala mlandu umagwera wa makiyi. Mayi Dube anayankha motere:

"Nambala Wani ndi yabwino, koma aziphitsabe chifukwa cha kolera. Zinazo zimene mwanenazo sindinamve, baba. Layini ikudukaduka."

Layini inali bwinobwino. Ndinatuluka m'kashopu muja ndikudziwa chochita, koma ndilibe chochitira. Kukwirira chitsime kumafuna simenti, ndipo ndinazungulira Kwekwe yense, kwa omanga nyumba, kwa anzanga akale, ngakhale kwa aja ogulitsa mobisa kuseri kwa msika. Panalibe ngakhale yodzaza chipewa. Simenti yokhayo imene ndinkaidziwa inali pansi pa bedi la azakhali anu, ndipo inali ndi mwini wake. Agogo anu aamuna, a Wilisoni Mbewe, anali atagona kumanda zaka zingapo popanda chiliza, mulu wa dothi chabe ndi kachitsulo kolembedwa dzina. Kwa ife zimenezo ndi manyazi, makamaka pa munthu ngati iwo, amene moyo wawo wonse anali mkulu wa adzukulu pa komboni ija. Panalibe banja la kwathu limene iwo sanalikumbirepo manda. Azakhali anu ndi amene analumbira kuti chilizacho chimangidwa zivute zitani. Ankapita kukaoda katundu kunja kwa dziko n'kumabwera ndi thumba limodzi ulendo uliwonse, akukangana ndi makondakitala njira yonse. Matumbawo anawakulunga m'mapulasitiki n'kuwasanjika pa matabwa kuti asagwire chinyezi. Achibale a m'mafamu anali atauzidwa kale kuti mwambo udzachitika mvula ikadzatha.

Ndinakawapeza akusankha nyemba. Ndinakhala pansi penipeni, osati pa mpando, ndipo anadziwiratu kuti ndabwera ndi zolemera. Nditatha kunena, lichero linatera uko.

"Iwe Layisoni, mutu wako ukuyenda bwino? Simenti ya ababa? Ndathyoka nayo msana pa boda, iwe ukaithire m'dzenje? Unotopenga chaizvo, wapenga ndithu. Achibale ndidzawauza chiyani, kuti chiliza chili pansi pa nthaka?"

Ndinawasiya akalipe, chifukwa azakhali anu ukawadula amayambiranso pachiyambi. Atatopa ndinawauza zonse zimene Mayi Dube ananena, za mphika, za zikhatho. Tadala anali pabwalo akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Azakhali anu anamuitana, anagwira timanja take n'kutitembenuza, kutiyang'ana nthawi yaitali. Atayankhulanso mawu anali atatsika.

"Ndiye kuti masabata onsewa ndakhala ndikumuphikira mwanayu poizoni ndi nkhuni zanga?"

 Analowa m'nyumba, ndinamva bedi likukokedwa, kenako anaitana mokalipa: "Ukudikira kuti ndikunyamulirenso?"

Tsiku lokwirira

Ndinayamba ndi kukwera kaphiri ndi makiyi anga. Ndinatsegula Nambala Wani anthu akuona, ndinatunga, ndinaphitsa pa kamoto pomwepo, n'kumwa kapu yodzaza. Sanakondwe kwenikweni. Kaphiriko n'kotalikirapo ndi komboni, njira yake ndi ya miyala, ndipo chitsimecho chinkapereka madzi mwaulesi. Amayi ankayang'ana chitunda chija n'kuyang'ana zidebe zawo, ndipo ndinkamva mawu akundidutsa m'mbali. Wina anati ndatumidwa ndi eni mgodi. Wina anati ndikufuna ndizidzagulitsa madzi a kumtundawo.

Kukwirira chitsime si kuponyamo miyala ayi. Ukathira simenti kuchokera pamwamba imakakamira panjira n'kusiya mphako pansi, madzi oipa n'kumayendabe. Umayenera kutsitsa kapaipi kakang'ono mpaka pansi penipeni, n'kuthira simenti ya madzimadzi kudzera m'menemo, kuti idzaze kuchokera pansi ikukwera, iwe ukukoka kapaipiko pang'onopang'ono. Pa kampani tinkachita ndi pampu. Tsiku limenelo tinali ndi hosipaipi yakale, fanulo ya botolo lodulidwa, theka la mgolo losakanizira, ine, amayi anu ndi azakhali anu. Simentiyo sikanakwana chitsime chonse, zimenezo ndinazidziwa ndisanayambe. Ndiye ndinaigawa pawiri. Gawo loyamba linapita pansi kukatseka timipata tolowera madzi. Pakati tinadzaza ndi dongo la pachulu, limene amayi awiriwa anasinja, kusefa ndi kuumba timipira, ine n'kumaponya kamodzikamodzi ndi kutsendera ndi chitsulo chomangirira ku waya. Inali ntchito yotopetsa, ya tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo. Gawo lotsala la simenti linatseka kumtunda, ndipo paipi ya pulasitiki ndinaidula m'munsi mwa nthaka n'kuwaka kasilabu pamwamba pake. Mayi Dube akanaona akanagwira mutu, koma pa zimene tinali nazo, chinali chotseka.

Amuna a pa komboni sanatiletse, komanso sanatithandize. Anaima pa mthunzi akuonerera, ndipo ambiri a iwo anali anthu a mumgodi, odziwa kuwerenga ntchito ndi maso. Ndikusalaza kasilabu kaja, a Chisale anayandikira.

"Taona, Mbewe. Simenti yako ndi ya pamwamba ndi pansi chete, basi, pakati ndi dhaka, dongo lokhalokha. Vakomana ava, anyamatawa, amakumba maenje akuya kuposa apa tsiku lililonse. Iwe ukapita ku Amaveni, ife titsegula."

 Sankanama. Ndi tchizulo ndi kuleza mtima akanatha kuswa pamwamba, kukolowola dongo lija, n'kuboola paipi m'mbali kuti madzi alowenso. Ine sindikanagona pamenepo kulondera moyo wanga wonse, ndipo simenti ina kunalibe. Ndinali nditawononga chiliza cha bambo anga pachabe.

Azakhali anu anali atakhala pa chidebe, dongo lili mpaka m'zigongono. Ananyamuka, anatola msomali umene unagwa pa thabwa, anagwada pa kasilabu kaja simenti ikadali yofewa, n'kuyamba kulemba. Sukulu sanapite nayo patali, zilembo zinkatuluka zopendekeka, china chachikulu china chaching'ono. Analemba WILISONI MBEWE, pansi pake n'kujambula mtanda. Ine ndinati:

"Achemwali, ababa sanagone pano."

"Simenti yawo yagona pano. Dzina likhala pamene pali simenti yawo." Anadzuka, anapukuta msomali uja pa chitenje, n'kuyang'ana amuna aja mmodzimmodzi. "Amene akufuna kuswa, aswe. Ndidzabwera kudzaonerera."

Sindinabwerere ku Amaveni tsiku limenelo. M'mawa kutacha ndinakakhala pa mwala pafupi ndi chitsime, ndipo posakhalitsa anatulukira a Chisale ndi anyamata awiri amene sanalipo dzulo lake, wina atanyamula hamala yaikulu, wina tchizulo. Anyamatawo anafika pa silabu n'kuwerenga. Wa hamala anayang'ana a Chisale, a Chisale anayang'ana pansi.  Kenako a Chisale anavula chipewa.

"Madala awa ndi amene anaika amayi anga. Mvula ikugwa, iwo ali m'dzenje mpaka m'chiuno." Anatembenukira anyamata aja. "Handei. Tiyeni tizipita."

Anapitadi. Ndinakhala pamwala paja ndikupuma ngati munthu amene watula thumba la chimanga, ndipo misozi inatsika ndithu, sindikubisa. Dzuwa lisanakwere ndinaona a Chisale akukwera kaphiri, chotungira chawo chija chili paphewa, ana awo ali pambuyo ndi zigubu. Moni sanandipatse, ndipo anatha chaka asakundipatsa. Zimenezo sizinandipweteke ngakhale pang'ono.

Zaka za pambuyo pake

Anthu anatunga pa kaphiri mpaka bungwe lina linadzawabowolera mjigo weniweni kumtunda komweko. Chiliza cha agogo anu tinadzamanga zinthu zitabwerera m'masitolo, ndi chija mumachidziwa. Kampani itadzukanso ndinanena ndekha zimene ndinachita ndi Nambala Wani, bwana watsopano anandikalipira mwa mwambo chabe, n'kundituma kukabowola ina pambali pake.

Koma mtima sunakhale pansi msanga, chifukwa poizoni uja sathamanga. Ndinayamba chizolowezi chimene inu mumachiona ngati ukalamba. Ndikakumana ndi aliyense amene anali mwana pa komboni chaka chimenecho, kutchalitchi, pamaliro, pa ukwati, ndimamugwira dzanja n'kuchedwa kulisiya. Ndimafunsa za sukulu, za ntchito, za amayi ake, uku chala changa chikuyenda m'chikhatho mwake. Ana a Chisale ndawagwira onse, ena kangapo. Azakhali anu amati ndikuchititsa manyazi banja, pomwe iwonso amachita zomwezo akaganiza kuti sindikuona.

Mwezi wathawu Tadala anabwera kudzandionetsa mwana wake woyamba. Anagwada pakhonde, n'kutambasula manja onse awiri ndisanapemphe, akuseka.

"Yang'anani msanga, agogo, mwana akufuna kuyamwa."

Ndinavala magalasi n'kuyang'ana bwinobwino, dzanja ili ndi linali. Munalibe kanthu, zipsera za mpeni wa kukhitchini basi.